Kusintha Mawilo ndi Mabuleki a Njinga Yamoto Yakale Kuti Ikathamange pa Bwalo la Mpikisano

Zinthu ziwiri ndizo zimabweza eni njinga zakale kunyumba dzuwa lisanapendeke. Choyamba ndi buleki ya kutsogolo: m'mawa inali yolimba bwinobwino, koma mutangozungulira bwalo kangapo liva yayamba kufika pa handulo. Chachiwiri ndi matayala. Matayala abwino a pa bwalo masiku ano pafupifupi onse amapangidwira malimu a mainchesi 17, pamene Yamaha FZR600 ya 1989 ndi Honda VFR400 NC30 zili ndi 18 kumbuyo, Suzuki GSX-R750 ya 1985 mpaka 1987 ili ndi 18 konsekonse, ndipo Honda CBR900RR FireBlade inakhala ndi 16 kutsogolo kuyambira 1992 mpaka 1999.

Kaya mwaloza ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria, Red Star Raceway ku Delmas, Killarney ku Cape Town, Donnybrook ku Harare kapena Cadwell Park ku England, ntchitoyi ndi imodzimodzi. Pamene ambiri amagwera m'pakuti amayamba agula wilo ndi ma caliper (zitsulo zofinyira mapadi a buleki pa disiki), kenako n'kumafunsa ngati zikwana. Veniya (chida choyezera kukula kwa zitsulo mpaka tizigawo ta milimita) iyambe, ndalama zitsatire.

Zofunika kukhala nazo

- Buku la makanika la njinga yanuyo, komanso la njinga imene mwatengako wilo
- Veniya, tepi yoyezera ndi lula yachitsulo yaitali yowongoka
- Dial gauge yoyezera kupindika kwa limu ndi disiki
- Torque wrench, sipanala yomangira mabawuti pa mphamvu yoyezedwa
- Zoimikira njinga zonyamula mawilo onse awiri m'mwamba
- Chingwe chopyapyala cha mamita 5 kapena kuposa
- Mabering'i atsopano ndi malabala ake otchinga fumbi
- Malabala atsopano a mapisitoni a ma caliper, ndi girizi wofiira wa malabala
- Mapaipi a buleki olukidwa ndi waya, ndi mawasha atsopano a kopa
- Mafuta a mabuleki a DOT 4 kapena DOT 5.1, m'botolo losatsegula
- Mapadi atsopano
- Waya wosachita dzimbiri wa 0.8 mm ndi timabiti ta dirilo ta 1.5 mm, tingapo chifukwa timathyoka
- Munthu wodziwa kusema zitsulo pa lathe
- Kope ndi cholembera

Yezani musanamasule kanthu

1. Lembani miyezo ya njinga ili chimangire. Kutsogolo: kunenepa kwa ekiselo, mpata wa pakati pa mafoloko, kukula kwa madisiki, mtunda wa pakati pa madisiki awiriwo, ndi mtunda wa pakati pa mabawuti awiri ogwira caliper. Kumbuyo: kunenepa kwa ekiselo, mpata wa m'kati mwa swingarm (mkono wogwira wilo la kumbuyo), ndi msinkhu wa njinga kuchokera pansi kufika pa malo amodzi a felemu omwe mwaikapo chizindikiro. Jambulaninso zithunzi za mmene masipesa, timapaipi ta pa ekiselo tokhazika wilo pamalo pake, akhalira.

2. Pezani pakati penipeni pa wilo lakale la kumbuyo. Mukalichotsa, bwezeretsani masipesa ake, ligonekeni, ndipo pingasani lula pamwamba pa limu mbali ya tcheni. Yezani kuchokera pa lulayo kufika kumapeto kwa sipesa, muphatikize ndi theka la m'lifupi mwa limu. Nambala imeneyo ndi mtunda wochokera pakati pa wilo kufika pa swingarm, ndipo wilo latsopano liyenera kuibweza chimodzimodzi. Mwanjira yomweyo, yezani kuchokera pakati pa wilo kufika pa sipuloketi.

Chenjezo: musangogawa pawiri mpata wa swingarm n'kunena kuti pakati ndi pamenepo. Pa njinga zambiri swingarm imatambasuka kwambiri mbali imodzi, ndiye mukadalira kugawa pawiri wilo lanu lidzakhala pambali.

Mawilo

3. Sankhani tayala kaye, limu lilondole. Kutsogolo 120/70-17 (m'lifupi 120 mm, khoma 70 pa 100 ya m'lifupimo, limu la mainchesi 17) imafuna limu la mainchesi 3.50 m'lifupi. Kumbuyo 160/60-17 imakhala bwino pa 4.50 kapena 5.00, ndipo 180/55-17 imafuna 5.50. Pa njinga ya 400 kapena 600 yakale, 160 njokwanira. Tayala lalikulu limakongola njinga ikaima, koma limaichedwetsa kugwa m'kona, ndipo likapanikizidwa pa limu lopapatiza limasongoka, gawo logunda pansi n'kuchepa m'malo mochuluka.

Kumene anzanu amapezako mawilo n'kodziwika. Eni NC30 amasaka la RVF400 NC35, lomwe ndi la 17. Eni FZR600 ambiri amatenga la YZF600R Thundercat, nthawi zina pamodzi ndi swingarm yake. Eni FireBlade amakonda la kutsogolo la CBR600F ya 1995 mpaka 1998. Kutsatira njira imene ena anaipondaponda kale kumachepetsa zosema, koma sikukumasulani ku veniya.

4. Liyeseni wilo musanalipire. Likhale lopanda tayala. Lizungulitseni pa ekiselo, dial gauge itagunda m'mphepete mwa limu, ndipo mufanizire ndi malire a m'buku. Yang'anani ming'alu pamene masipoko akumana ndi limu ndiponso pozungulira mabowo a mabawuti a disiki. Penti watsopano pa wilo lakale akuchititseni kufunsa kuti akubisa chiyani. Wilo la magnesium lakale, ngakhale likhale la dzina lalikulu ngati Marchesini kapena Dymag, limadyeka ndi chinyezi ndipo limasweka mosachenjeza. Lisakwere pa njinga lisanayesedwe ming'alu ndi odziwa ntchitoyo.

5. Gwirizanitsani mabering'i ndi ekiselo yanu. Apa anthu amataya ndalama kusemetsa ekiselo yatsopano pamene yankho lili pa shelefu ya shopu ya mabering'i. Bering'i ya 6204 ili ndi bowo la 20 mm, kunja 47 mm, kunenepa 14 mm. Ya 6303 ili ndi bowo la 17 mm, koma kunja ndi 47 mm yomweyo, kunenepa 14 mm yomweyo. Choncho wilo lopangidwira ekiselo ya 20 mm litha kulowa pa ekiselo ya 17 mm pongosintha mabering'i. Palinso 6004 ya 20 x 42 x 12 ndi 6302 ya 15 x 42 x 13. Izi zimasiyana milimita imodzi pa kunenepa, ndipo milimita imeneyo muikumbukire powerengera masipesa.

Chenjezo: pakati pa mabering'i awiri m'kati mwa wilo muli kapaipi kachitsulo. Mukasintha mabering'i, kapaipi nakonso kasemedwe katsopano kogwirizana ndi ekiselo, ndipo kutalika kwake kakhudze mphete zam'kati za mabering'i onse awiri. Kakafupika, mukamanga ekiselo mumafinyira mabering'i m'kati ndipo satha ndi tsiku limodzi lomwe. Pokhoma bering'i, menyani mphete yakunja yokha.

6. Semetsani masipesa. Tengani nambala ya pa sitepe 2, muchotsepo mtunda wochokera pakati pa wilo latsopano kufika pa bering'i yakunja ya mbali ya tcheni. Chotsalacho ndi kutalika kwa sipesa ya mbali imeneyo. Ya mbali inayo imadzaza mpata wotsala mutawerengera chitsulo chonyamula caliper ya kumbuyo. Asemereni ku chitsulo kapena aluminiyamu wolimba wa 7075, nkhope zonse ziwiri zikhale zosalala ndi zofanana. Mawasha ounjika sangalowe m'malo mwa sipesa. Kutsogolo, ngati mwachotsa kagiya ka sipidomita, m'malo mwake mulowe sipesa yotalika chimodzimodzi.

7. Tsimikizani ndi chingwe. Njinga iime chilili, chingwe chizungulire kumbuyo kwa tayala la kumbuyo, nsonga zake ziwiri zikokedwe kupitirira wilo la kutsogolo, chikungokhudza m'mphepete mwa tayala la kumbuyo mbali zonse. Wongolani handulo, muyeze mpata wa pakati pa chingwe ndi tayala la kutsogolo kumanja ndi kumanzere. Mipatayo ifanane. Timizere ta pa swingarm tokokera tcheni musatikhulupirire kwambiri. Pa njinga ya zaka 30 timanama kawirikawiri.

8. Wongolani mzere wa tcheni. Wilo likakhala pakati, sipuloketi yake siingokhala pamene panali yakale. Gonekani lula pa nkhope ya sipuloketi ya kumbuyo, muone ngati ikuloza ya kutsogolo. Ikasemphana, pali njira ziwiri: kusema pang'ono chitsulo chonyamula sipuloketi ya kumbuyo, kapena kugula sipuloketi ya kutsogolo yotulukira kunja. Chimene simuyenera kuchita ndi kukankhira wilo pambali kuti tcheni chiwongoke, chifukwa mwatero mwagwetsa ntchito yonse ya pa sitepe 6 ndi 7. Siyani mpata wa 5 mm kapena kuposa pakati pa tcheni ndi tayala, poti tayala limafufuma likatentha. Malo akachepa, tcheni cha 520 n'chopapatiza kuposa 525 ndi 530, ndipo chimakupatsani mamilimita angapo.

9. Onetsetsani kuti chitsulo chonyamula caliper ya kumbuyo chamangika ku swingarm, kaya ndi kamtanda kake kapena polowa m'kamzera kake. Chikapanda kugwidwa, mukangoponda buleki chimazungulira ndi wilo n'kudula paipi.

10. Bwezerani msinkhu. Kuwerengera kwake n'kosavuta: kutalika kwa tayala lonse ndi kukula kwa limu kuphatikiza khoma la tayala kawiri. Tayala la 150/60-18 la NC30 limafika 637 mm, pamene 160/60-17 limafika 624 mm, ndiye kumbuyo kumatsika pafupifupi 7 mm ndipo njinga imayamba kulemera pokhota komanso kutulukira kunja potuluka m'kona. Kwezani kumbuyo pa shoko mpaka mufike pa nambala imene munalemba poyamba. Pa FireBlade zimatembenuka: 130/70-16 ndi 588 mm, 120/70-17 ndi 600 mm, kutsogolo kumakwera pafupifupi 6 mm, ndipo ambiri amakweza mafoloko pang'ono m'zitsulo zowagwira kuti mphuno itsike. Mukatero, finyani mafoloko mpaka pansi muone kuti tayala silikugunda ladiyeta kapena mapaipi a utsi. Eni FZR600 yokhala ndi 140/60-18 ali ndi mwayi, chifukwa 140/60-18 ndi 160/60-17 zimasiyana mamilimita osakwana awiri.

Mabuleki

Musanagule chilichonse, mvetserani chimene liva ikukuuzani, chifukwa matenda atatu osiyana anthu amawatcha dzina limodzi loti buleki yatha. Liva ikamafewa ngati mukufinya chinkhupule pamene mabuleki atentha, ndiye kuti mafuta awira. Liva ikakhala yolimba koma njinga osaima, mapadi apsa. Liva ikabwera patali pokoka koyamba mutatuluka m'kona, n'kulimba pokoka kachiwiri, ndiye kuti disiki yopindika kapena bering'i yogwedera ikukankhira mapisitoni m'kati. Pa atatuwa palibe amene amachira ndi ma caliper atsopano.

11. Phwasulani ma caliper muwatsuke. Tulutsani mapisitoni, chotsani malabala, ndipo palani mosamala dzimbiri loyera lomwe limamera m'tingalande momwe malabala amakhala. Dzimbiri limenelo ndilo limakankha labala n'kugwira pisitoni, buleki n'kumakhuza ndi kutentha ngakhale simunaigwire. Pisitoni yokumbika ndi dzimbiri itayeni. Pobwezera, pakani mafuta a mabuleki kapena girizi wofiira pang'ono chabe. Mwa ntchito zonse za pa mabuleki, iyi ndi imene imabweza zambiri pa ndalama zochepa, ndipo ndi imene anthu amaidumpha chifukwa siioneka kunja.

Chenjezo: petulo, palafini ndi girizi wamba zimatupitsa malabala a mabuleki. Zisayandikire.

12. Yezani madisiki. Pa disiki pamadindidwa kupyapyala kotsiriza kololedwa, kawirikawiri ndi mawu oti MIN TH. Yezani pakati pamene mapadi amadya, osati m'mphepete pamene pamatsala kamlomo. Kenako dial gauge. Ngati ndi disiki yoyandama, tsukani timabatani togwirizanitsa mbali yakunja ndi yam'kati mpaka tizitembenuka. Nthawi zambiri disiki yoganiziridwa kuti yapindika imangokhala kuti timabatanito tauma ndi fumbi.

13. Ngati mukufunadi ma caliper ena, yambani ndi olowa popanda chowonjezera. Pa njinga za Yamaha otchuka ndi aja a madontho a buluu a pa R1 ya 1998 ndi R6 ya 1999, a mapisitoni anayi, opangidwa ndi chitsulo chimodzi chosalumikiza. Mabawuti ake ndi otalikirana 100 mm ndipo anapangidwira madisiki a 298 mm, choncho yezani mafoloko anu muone ngati akugwirizana. Mukamanga, disiki idutse pakati penipeni pa caliper, ndipo padi yonse igwire disiki, isatsale mbali yolendewera kunja. Zikafuna kachitsulo kolumikizira, kasemedwe ku aluminiyamu wa 7075 ndi munthu wodziwa, osati kudulidwa ndi sowo pakhonde. Mabawuti akhale a chitsulo cha 10.9. Aja onyezimira osachita dzimbiri a ku shopu ya zomangira, olembedwa A2-70, ndi ofooka kuposa amenewa.

14. Gwirizanitsani masita silinda, kampope ka pa liva kokankha mafuta, ndi ma caliper. Kukula kwa pisitoni yake kumalembedwa pa thupi lake, monga 14 kapena 5/8. Anthu ambiri amaganiza kuti yaikulu ndiyo yamphamvu, koma n'zosemphana. Pisitoni ya 5/8, yomwe ndi 15.87 mm, ili ndi nkhope ya masikweya milimita 198; ya 14 mm ili ndi 154. Dzanja lomwelo likakoka, yaing'onoyo imakankha mafuta mwamphamvu yoposa ndi pafupifupi 28 pa 100, kungoti liva imayenda mtunda wautaliko. Yaikulu imapereka liva yolimba gwa koma yosamva kanthu, ndipo zala zimatopa msanga. Ma caliper a madontho a buluu aja ankabwera ndi masita ya 14 mm. Njira yosalakwa ndi kutenga masita ya njinga yomwe mwatengako ma caliper. Ya mtundu wa radial, monga Brembo 19RCS, musaifanizire ndi nambala zimenezi, chifukwa liva yake imakankha mwa njira ina. Mukaimanga, tembenuzani handulo mpaka kumapeto mbali zonse muone kuti liva siikugunda pulasitiki ya kutsogolo.

15. Ikani mapaipi olukidwa ndi waya, awiri ochokera pa masita mwachindunji, umodzi ku caliper iliyonse. Ayezeni kutalika wilo la kutsogolo lili m'mwamba, mafoloko atatambasuka mpaka kumapeto. Bawuti lililonse la paipi lilandire mawasha atsopano a kopa.

Chenjezo: mabawuti a mapaipi ali ndi mazinga a mitundu iwiri, M10 x 1.25 ndi M10 x 1.0. Njinga zambiri za ku Japan zimagwiritsa ntchito woyambawo, Brembo wachiwiriwo. Bawuti likakana kulowa ndi zala, lekani. Sipanala idzangowononga mazinga a masita yanu yodula.

16. Thirani mafuta ndi kuchotsa mpweya. DOT 4 yatsopano siiyenera kuwira isanafike madigiri 230, koma ikamwa chinyezi malirewo amatsika kufika 155. Ya DOT 5.1 ndi 260 ndi 180. Apa ndiye pagona nkhani ya liva ija yofika pa handulo: mafuta a zaka zitatu amagwira bwino mumsewu, koma pa bwalo amawira. Mafuta a mpikisano monga Motul RBF 600 amapirira kupitirira madigiri 300 akadali atsopano, komabe nawonso amamwa chinyezi ndipo amafuna kusinthidwa pafupipafupi. DOT 5 yopanda .1 ndi ya silikoni, siisakanikirana ndi enawa.

Pochotsa mpweya: kokani liva, tsegulani kabawuti ka pa caliper, tsekani liva isanabwerere, bwerezani mpaka thovu litatha. Mpweya wotsiriza umakonda kubisala kumwamba, pa bawuti la paipi la pa masita. Likulungeni ndi kansalu, kokani liva, limasuleni pang'ono n'kulimanganso. Mukatha, mangani liva ku handulo ndi lamba igone choncho usiku. Musadzaze kabotolo mpaka pakamwa, chifukwa mafuta akatentha amafufuma, ndipo akasowa kopita amagwira buleki okha. Akadonthera pa penti, tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

17. Mapadi. Kwa woyamba kumene, a sintered olembedwa HH ndi okwanira. A mpikisano weniweni ena sagwira bwino asanatenthe. Tsukani madisiki kuti zotsalira za mapadi akale zichoke, kenako azoloweretseni: chepetsani liwiro kuchokera pa 80 kufika pa 20 km pa ola maulendo khumi kapena kuposerapo, mukuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono, osaima ndithu ndi liva ili chigwirire. Buleki ya kumbuyo ingotsukani, muike mafuta atsopano, basi. Pa bwalo ntchito yake njochepa ndipo yamphamvu kwambiri imangotsetsereketsa tayala.

Kumanga komaliza

18. Wilo la kutsogolo lili ndi ndondomeko yake. Mangani ekiselo ndi torque wrench, mangani ma caliper, popani liva mpaka ilimbe, tsitsani njinga pansi, gwirani buleki n'kufinya mafoloko kangapo kuti mwendo wa foloko upeze malo ake pa ekiselo, kenako mangani timabawuti tofinya ekiselo. Mukayamba ndi timabawutito, mafoloko amapanikizika n'kumakakamira.

19. Boolani mitu ya mabawuti a ma caliper ndi ofinya ekiselo, mumange waya. Wayayo akokere bawuti kumbali yomangira, kuti likafuna kumasuka limukoke. Malamulo a zoyenera kumangidwa waya amasiyana pakati pa tsiku longoyeserera ndi mpikisano, choncho funsani okonza tsikulo musanapakire njinga.

20. Ikani mavalavu atsopano aafupi kapena achitsulo, okhala ndi zivindikiro za labala m'kati. Timiyala tolinganizira wilo timatidwe ndi tepi yolimba pamwamba. Onani manambala anayi otsiriza a DOT pa khoma la tayala, osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mpweya wa 2.5 ndi 2.9 bar umene mabuku ambiri amalemba ndi wa mumsewu. Pa bwalo matayala amsewu othamangira ambiri amayambira cha m'ma 2.1 bar ali ozizira, ndipo a mpikisano ali ndi manambala awoawo ochokera kwa owapanga.

21. Ulendo woyamba pa bwalo ukhale wofatsa. Mukatuluka, yandikizani dzanja pa madisiki onse awiri osawakhudza. Ina ikatentha kuposa inzake, caliper ya mbali imeneyo ikukhuza. Yang'anani kudontha pa mabawuti a mapaipi, yezaninso mpweya, gwedezani mawilo.

Zolakwika zofala

Kusintha mawilo, ma caliper, masita ndi msinkhu sabata imodzi, n'kupita ku bwalo. Njinga ikayamba kuvuta simudziwa pogwira. Ngati nthawi ilipo, konzani mabuleki kaye mukayese, mawilo abwere pambuyo.

Kuiwala kuti tayala la kumbuyo likachepa msinkhu magiya amafupika, injini n'kumafika pa malire ake msewu wowongoka usanathe. Dzino limodzi lochotsedwa pa sipuloketi ya kumbuyo nthawi zambiri limakonza zimenezi.

Kuika matayala amakono ogwira kwambiri pa njinga yomwe mabering'i a khosi ndi a swingarm anatha kalekale. Tayala likagwira, kugwedera konse komwe kunabisala kumatulukira poyera.

Kutembenuza wilo kapena disiki. Mawilo ambiri, matayala onse ndi madisiki ena ali ndi muvi woloza kozungulirira.

Kumanga mabawuti a disiki opanda mankhwala ogwira mazinga, kapena kugwiritsanso ntchito akale omwe mitu yake yadyeka.

Kunyamuka osapopa liva mutachotsa wilo. Pobwezera ma caliper mapisitoni amakhala atakankhidwira m'kati, ndipo kukoka koyamba sikugwira kanthu. Amene amasintha matayala pa bwalo pomwepo ndiwo amagwa nazo kwambiri, chifukwa amakhala akuthamangira belu la gulu lawo. Matani kapepala pa thanki kokukumbutsani, ndipo kachoke pokhapokha liva ndi pedulo zonse zalimba.